Khosi la a Mukhito

Lolemba, 11 Malichi

Anayambitsa ndani zoti munthu akaona wamkulu aziweramitsa mutu? Ndafunsa pasikelo m'mawa uno. Akuti ndi ulemu. Ine ndikuti ndi matenda! Zaka zitatu ku koleji, ndabwera kudzayeza masamba a tiyi, ndipo aliyense akatula dengu pano dzanja limathamangira pakhosi.

Buku langa lafika pa positi kuchokera ku Joni. Kayiropulakitiki: kuwongola mafupa a khosi ndi msana ndi manja okha. Popanda jakisoni, popanda mphini. Likuti timafupa ta m'khosi tinasanjikizana ngati mbale, kamodzi kakangosuntha mtsempha umapanikizika. Zoyambitsa:

1. Kuthyola tiyi chowerama kuyambira belu la m'mawa.
2. Dengu lolemera, nkhata yopyapyala.
3. Kugona chotsamira mkono.
4. Kuweramira Bwana, akapitawo, abusa ndi apongozi. (Iyi ndawonjezera ndekha.)

Wodwala woyamba ndam'peza kale: a Mukhito, kapitawo wa munda wa kumtunda, amalume ake a Esinati. Khosi linauma sabata yatha, akungoyang'ana kumanzere. Loweruka amalume anga akubwera kuchokera ku Bvumbwe kudzandifunsirira Esinati, ndipo mawu otsiriza ndi a Mukhito omwewo. Ndikawachiritsa akana bwanji? Ndalengeza pasikelo anthu onse akumva: pofika Loweruka khosi limenelo lizizungulira ngati la njiwa.

Lachiwiri, 12 Malichi

Ndikufuna munthu woyeserapo. Palibe wodzipereka. Ndayesera pa dzungu. Phesi lathyoka, koma dzungu si munthu.

A Nampeya, mayi wothyola tiyi amene anabereka mapasa, ndiwo amachiza makosi kumalaini, kunyumba za antchito. Akuti manja a mayi wa mapasa ndi ena. Amakugoneka khosi pamtondo n'kukugudubuzira munsi katatu. Lero potula dengu akuti: "Akalaliki, khosi si chitseko choti muzilimbana nacho. Abwere kwathu akapitawo, katatu basi."

Munsi! Masiku ano a wayilesi ndi ndege! Dziko lino lidzasintha liti?

Esinati ndakumana naye pampopi. Akuti: "Musawathyoletu amalume, ndili nawo amodzi omwewo." Sakudziwa kuti akukwatiwa ndi munthu wotani.

Lachitatu, 13 Malichi

Avomera! Dzulo Bwana anawaitanira kumanja, iwo n'kutembenuka thupi lonse ngati thirakitala, munda wonse kuseka.

Koma vuto. Pachithunzi cha m'buku dokotala waima kumbuyo kwa wodwala, dzanja pachibwano. A Mukhito akuti: "Mkamwini wa mawa andiimirire kumbuyo? Andigwire mutu? Kwanu kumatero?"

Takambirana mpaka tiyi wawo wazizira. Tagwirizana motere:
iwo pampando,
ine chogwada, kutsogolo kwawo,
manja okulunga m'chitenje cha akazi awo,
maso anga pansi.

Ndawerenga mpaka katatu monga bukulo likunenera, n'kupotokola. Khoo! Phokoso lenileni la pa tsamba 40! Akuwa mawu ena m'Chilomwe amene sindingalembe muno. Koma lasuntha. Khosi lasuntha! Esinati ndi wanga.

Lachinayi, 14 Malichi

Tsopano akuyang'ana kumanja.

Ine ndikuti ndi chitukuko. Khosi ladutsa pakati, langopitirira pang'ono.

Anthu a mizere ya kumanja, amene sabata yonseyi amathyola mocheza n'kumaponyamo ndi masamba okhwima omwe, abwera pasikelo atakwiya: "Akalaliki, tibwezereni kumanzere!" A mizere ya kumanzere andibweretsera nthochi phava lathunthu. Akuti ndisakhudzenso chilichonse.

Msewu wopita ku fakitale umakhotera kumanzere. A Mukhito sanauone. Njinga yalowa m'tiyi, iwo pamwamba pa zitsamba, miyendo m'mwamba. Uthenga wandipeza masana: "Wophunzira uja asayandikire."

Ndawerenganso bukulo mobisa pansi pa tebulo. Ndapeza! Ukagwada kutsogolo kwa munthu, kumanzere kwa buku kumasanduka kumanja. Wolakwa ndi mwambo. Sayansi ilibe mlandu.

Lachisanu, 15 Malichi

Anthu ayamba kundisekera m'manja. Ndaganiza zowaonetsa pathupi langa lomwe. Chaputala 9: kudziwongola wekha ndi thawulo. Nthawi ya phala, pamaso pa gulu lonse, ndakulunga thawulo kunkhongo, chibwano m'mwamba, n'kukoka mwamphamvu.

Khoo.

Zomwe ndaona kuchokera nthawi imeneyo:
malata a shedi,
zisa za mavu zitatu,
nsonga za bulugamu,
mitambo.

Zomwe sindikuona: sikelo, mapazi anga, mbale.

Mutu sukutsika. Bukulo ndawerenga nditalikweza pamwamba pa nkhope. Likuti zoterezi zimatha zokha masiku awiri kapena atatu. Ndiwerengera awiri, ndipo lero ndi loyamba.

Ndamva belu la njinga ya a Mukhito, akupereka moni kumanzere, akupereka moni kumanja. Akuti dzulo madzulo anapita kwa a Nampeya. N'zoonekeratu kuti ndi chithandizo changa chagwira mochedwa, munsi wangopezerapo dzina.

Loweruka, 16 Malichi

Amalume anga afika panjinga atavala tayi, thalauza atalimanga ndi luzi kuopa tcheni. Atandiona akuti: "Iwe, kumwambako kuli chiyani?"

Pakhonde pa a Mukhito. Abale a Esinati adzaza mkeka, ndawamva ndi makutu. Ndagwada bwinobwino, ndawomba m'manja, ndapereka moni wonse mwaulemu, koma ndikuupereka kwa udzu wa padenga.



Kenako a Mukhito: "Tinamva kuti akuuza anthu pasikelo kuti kuwerama ndi matenda. Timayesa ndi mabodza. Lero tadzionera tokha."

Amalume ayesa kundikanikiza mutu chakumbuyo. Ndakuwa. Galu wathawa.

Ndayamba kufotokoza za timafupa tosanjikizana ngati mbale. Amalume anditsina pantchafu.

Chigamulo: "Sitinakane. Koma mwana wathu sitingam'pereke kwa munthu wosaona pomwe akuponda. Akadzayamba kuyang'ana pansi, abwere yekha tidzaone."

Potuluka ndaponda beseni la madzi osamba m'manja. Kuseri kwa nkhokwe wina amaseka mpaka kutsamwa. Kuseka kumeneko ndimakudziwa.

Lamulungu, 17 Malichi

Kutchalitchi abusa akuti tiweramitse mitu tipemphere. Mpingo wonse pansi. Ine ndekha tong'oo, ngati mtengo wotsala m'munda wa tiyi. Denga la tchalitchi likudontha malo anayi, wina awauze akulu a mpingo.

Masiku awiri anakwana dzulo. Mtima wodikira kuti akwane atatu ndilibe.

Ndikukhulupirirabe kuti bukulo ndi lolondola. Linangolembedwa ndi munthu wopanda apongozi.

Titaweruka ndatsetsereka kumalaini, ndikufufuza njira ndi phazi. A Nampeya sanaseke, ulemu umenewo ndawapatsa. Angoti: "Buku lija mwabwera nalo? Liikeni pansi, mugwadirepo, pali timiyala."

Ndagwadira pa kayiropulakitiki, khosi pamtondo. Munsi kamodzi. Kawiri. Kachitatu ndaona nyerere ikudutsa ndi kachidutswa ka gaga, ndipo sindinaonepo chinthu chokongola chotero.

Ndasamba, ndabwereka tayi ya amalume, ndauyamba wa kwa a Mukhito. Mutu ndaweramitsira pa bulugamu wa pamphambano pomwe, kuti andionere patali.