Mphuno ya apongozi ndi batani lobwezera

Inu, tamverani za Zalakhumi, mkulu uja wokonza zithunzi pa situdiyo ya pafupi ndi siteji ya basi. Dzinalo anadzipatsa yekha, wina asakunamizeni. Ankati mausi ndi ndodo ya nkhalamba, katswiri weniweni amayendera kiyibodi. Akamagwira ntchito sankayang'ana n'komwe zala zake, maso ali kudenga ngati woimba limba kutchalitchi. Matama okhaokha!

Tsono kompyuta inali imodzi, ankagawana ndi mnzake wojambula zithunzi za mapasipoti, ndipo izi zinkamuwawa ngati chithupsa. Tsiku lina, nkhwidzi chabe, anakhala pansi n'kusintha mabatani achidule mu pulogalamu yokonzera zithunzi. Lokulitsira chithunzi analisandutsa losindikizira. Lija lobwezera ukalakwitsa, limene aliyense amathamangirako, analisandutsa losunga n'kutseka. "Akhudze aone," anatero, akuseka yekha.

Msampha unadikira, unadikira. Koma mnzakeyo ndi wa mausi! Sanakhudze batani ndi limodzi lomwe.

Kenako kunatulukira bambo wa chibwenzi cha Zalakhumi. Mkulu wosaseka ameneyo, amene ankakanitsitsa kuti mwana wake sangakwatiwe ndi munthu wongosewera pa kompyuta, ndipo anali atangoyamba kufewa. Anabwera ndi fulashi, m'menemo muli chithunzi chimodzi chokhacho cha tsiku limene anapuma pa ntchito, ali mu suti, akulandira mphatso.

"Mwanawe, akuti ndiwe katswiri. Ungondichotsera kunyezimira kwa padazipa."

"Zazing'ono izo, bambo. Khalani apa muone."

Munthu wanzeru akanayamba wakopera chithunzicho pambali. Koma Zalakhumi, kukopera? Kukopera n'kwa amantha. Anatsegula cha pa fulashi chomwecho, dazi analizimitsa bwinobwino, mpaka mkulu uja anagwedeza mutu. Akanalekera pomwepo, inu, bwenzi pano tikukamba za ukwati. Koma paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Bambo, taonani mphamvu za makinawa."

Anakoka mphuno ya mkuluyo mpaka kufika pachibwano, makutu n'kuwatambasula ngati mbale.

"Iwe! Ukutani?"

"Musadandaule, n'zobwezeka izi. Taonani, osayang'ana n'komwe!"

Mutu unkadziwa za msampha uja, koma zala zinali zisanauzidwe. Zinathamangira kwakale komwe. Chithunzi chinasungika, pulogalamu n'kutseka, zii.

Anatsegulanso, n'kupeza mphuno ili pompo, yakhazikika ngati yobadwa nayo. Zobwezera zonse zinali zitapita ndi kutseka kuja.

"Yabwerera?" anafunsa mkuluyo.

"Ikubwera, bambo. Ndingokulitsa kaye ndione bwino."

Kukulitsa kwake kumeneko! Pulinta pakona paja inayamba kulira. Iye poona kuti chithunzi sichikukula, anadinanso, n'kudinanso, n'kudinanso mokwiya. Mapepala onyezimira odula aja ankangotuluka mondondozana, lililonse ndi mphuno yake. Wamapasipoti anatola limodzi, analiyang'ana, n'kuthawira panja atagwira pakamwa. Mayi wina amene ankadikira pa benchi anatola lina limene linagwera pamapazi pake.

"Awa ndi achimwene anu, bambo? Maso mwafanana ndithu. Pepani, anabadwa choncho?"

Zalakhumi anadumphira chingwe cha pulinta kuti azule, koma chimene anazula chinali cha kompyuta. Sikirini inada bii, ndipo m'menemo ankangoona nkhope yake yomwe, kumbuyo kwake kuli ya mkulu uja. Manyazi anamugwira mpaka mawu anachepa ngati a mwana.

"Bambo, kunyumba mulibe china chonga chimenechi?"

"Ndinakuuza kuti n'chimodzi."

"Kapena titajambulanso? Suti muli nayo, mphatso tibwereka..."

"Ndikapemphenso ntchito kuti ndipume kachiwiri?"

Apa katswiri uja zala khumi zonse zija anazibisa m'thumba.

Mkuluyo sanakalipe ayi, ndipo n'chimene chinaopsa kwambiri. Anasolola fulashi yake, anawerama n'kusankha pepala loyera bwino pa mulu uja, kulipukuta fumbi, n'kuliika m'chikwama mosamala.

"Bambo, limenelo lisiyeni, ndikalitaya ndekha."

"Ayi, ili ndikaligulira felemu, likakhale pabalaza. Mwana wanga akamakulirira, aziliyang'ana."