Njira Yachinsinsi Kuseri kwa Msika

Ndinanama, ndipo bodzalo ndinakalitula kwa munthu wosayenera: amalume ake a Asiyatu, mtsikana amene ndinkafuna kukwatira.

Masiku amenewo ndinkapalasa kabaza pa Mangochi Boma. Ndikanyamula mlendo ndinkamuonetsa nsanja ya wotchi ija pafupi ndi mlatho, ndi mfuti yaikulu ya sitima yankhondo. Zimenezo n'zoona. Koma zoona zimatha msanga, ndiye ndinkaonjezerapo zanga.

Kuseri kwa msika kunali kanyumba ka njerwa kopanda denga, pakati pali dzenje. Alendo ndinkawauza kuti ndi khomo la njira yachinsinsi imene azungu akale anakumba pansi pa Shire. Ankajambula mafoto, ena mpaka kugwada.

Amalumewo, Che Saidi, atabwera kuchokera ku Joni kumene anakhalitsa, Asiyatu anandinong'oneza: "Awa akakukana, ukwati palibe. Kawazungulitse tauni, aone kuti uli ndi mutu."

Pa wotchi amalume anangogwedeza mutu. Pa mfuti anayasamula. Ndinaona kuti mkazi akundipulumuka, ndiye ndinakhotera kuseri kwa msika.

"Apa ndiye pa sipesho, amalume. Ngakhale a boma sapadziwa."

Anayang'ana kanyumbako nthawi yaitali.

"Njirayi imatulukira kuti, bambo?"

"Ku Namwera."

"Mpaka kukwera phiri lonse lija?"

"Azungu akale sankatopa."

"Nanga kafungoka?"

"Wonga wa mfuti. Wakalekale."

"Mashallah," anatero. "Umboni ulipo?"

Umboni unalipo! Ndinagwada monga ndinkagwaditsira alendo, n'kulowetsa mutu wonse m'dzenjemo.

"Haloo! Namwera!"

"Ayankha?"

"Netiweki ikuvuta, amalume."

Anandisiya ndikuwe kachiwiri. Kenaka anakhosomola.

"Dzukani, bambo. Dzenjeli ndinakumba ndine ndisanapite ku Joni. Chinali chimbudzi cha shopu ya bambo anga. Ku Namwera sindinafike, ndinalekeza madzi atayamba kutuluka."

Ndinawapalasa kubwerera kunyumba. Iwo kumbuyoko ankangoimba kamluzu.

Madzulo anasonkhanitsa abale n'kugamula: "Munthu wolowetsa mutu m'chimbudzi chifukwa cha mbumba yanga, mpatseni mkaziyo. Koma ayambe wasamba."

Mbiri ya tauni usamafotokozere amene anaikumba.

Kupepesa kunanditengera zaka. Chaka chatha pa Idi, ana anga ali pomwepo, ndinawagwira dzanja Che Saidi n'kunena mokweza:

"Pepani amalume, ndinanama. Ndipo alendo onse aja ndinawagwaditsa pamenepo, mukakumana nawo ku Joni, muwauze akasambe kumaso."