Pempho la Munthu Woyenda Chafutambuyo

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Antchito,
Kampani Yathu Yosamutsa Katundu,
Ofesi ya Pamwamba Penipeni.

Bwana wanga wolemekezeka,

Ndikanayamba ndi kugwada monga kuyenera, koma mukudziwa za mwendo uja, umene inu munagamula kuti uli bwinobwino. Choncho landirani moni wanga ndili chikhalire. Ndine uja ndinakunyamulirani masofa, mafiriji ndi makabati a makasitomala kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mpaka chaka chatha pamene munandichotsa ntchito ponena kuti ndimanamizira matenda. Anzanga amanditcha Rivesi, kutanthauza woyenda chafutambuyo. Ndalemba kudzera m'nyuzipepala chifukwa makalata anga atatu oyamba anawakonda kwambiri mlembi wanu, moti mpaka lero akuwasungabe m'dirowa.

Mukaona zilembo zikuvina, musadabwe, ndi chimwemwe. Bwana, chithunzi cha matenda anga munkachifuna chija chapezeka! Kuyambira Lachinayi ndikungoseka ndekha ngati munthu wotola chikwama, ndipo aneba ayamba kusuzumira pazenera. Koma ndisanafike kumeneko, ndiloleni ndithokoze mwadongosolo, poti munthu wosayamika sapatsidwa kawiri.

1. Zikomo chifukwa cha dokotala wa kampani. Mukumbukira kuti ndinaterereka pamasitepe titanyamula firiji, n'kubinya kakolo. Kakoloyo anapola pa milungu itatu, koma mwendo wamanzere unasiya kundimvera. Ndikati ndiyende, unkakhwekhwerezeka m'mbuyo mwanga ngati thumba la simenti. Dokotala wanuyo, munthu wachangu kwabasi, anandigogoda bondo ndi kanyundo ka mphira, bondo n'kudumpha, iye n'kulemba kuti ndili bwino. Anajambula mafupa, anapezeka athunthu. Anajambula mutu, n'kundiuza mokondwa kuti mulibemo kanthu, zimene mayi a kunyumba akhala akunena kwa zaka zambiri popanda makina. Zonsezi zinatheka tiyi wake asanazizire.

2. Zikomo chifukwa cha lamulo lanu lokongola limene munalinena pamaso pa komiti yonse mukugogoda tebulo ndi cholembera: popanda chithunzi palibe matenda. Ndinalikonda chifukwa ndi lalifupi, ngakhale mwana angaliloweze. Ndimangomvera chisoni azigogo athu amene anamwalira makina asanabwere, poti malinga ndi lamuloli onse aja anapita ali athanzi.

3. Zikomo kwambiri chifukwa cha kapitawo wathu ndi foni yake. Apa mundilole ndifotokoze pang'ono za ntchito yathu, poti kuofesi ya pamwamba mumaiona katundu atalowa kale m'lole. Katundu wolemera amanyamulidwa ndi anthu awiri atayang'anizana. Wina amaona kumene akupita, wina amayenda chafutambuyo. Potsika masitepe, wa chafutambuyoyo ndiye amakhala kumunsi, ndipo kulemera konse kumatsamira pachifuwa pake. Mbali imeneyi palibe amaifuna. Amuna akuluakulu a ndevu zawo amakanganirana m'mawa uliwonse, ena mpaka kuchita mayere ndi timitengo ta machesi.

Loweruka lina, ndili pa tchuthi cha matenda, alamu anga ankasamuka kuchoka pansanjika yachitatu. Wowathandiza sanabwere, kabati ya zovala inali itatsekereza khomo, mlongo wanga akulira. Ndinagwira mbali ya kumunsi mongoyesa. Bwana, mwendo uja unatsika masitepe onse ngati wa mnyamata wa mpira. Ine mwiniwake ndinadabwa kuposa aliyense. Titafika pansi ndinafuula kuti ndachira, ndinatembenuka kuti ndithamangire kulole, mwendo n'kukananso pomwepo, ine chafufumimba pa maluwa a eni nyumba. Kapitawo wathu, amene mwamwayi ankadutsa mumsewu umene sakhalamo, anajambula kanema wa masitepe onse bwino lomwe. Kugwa kokhako ndiye sanajambule. Akuti batire linatha.

4. Zikomo chifukwa chomata kalata yondichotsa ntchito pabolodi la pageti, pomwe aliyense amasainira polowa. Mawu akuti "wonamizira matenda" munawalemba ndi zilembo zonenepa kuti ngakhale a maso ofooka asavutike. Anandithandiza kutchuka. Makampani atatu amene ndinakafunsirako ntchito anandidziwa ndisanatchule n'komwe dzina.

Pano ndisiye kaye kuseka. Kanema uja anafika pafoni ya mayi a kunyumba. Anamuonera kangapo. Tsiku lina masana, ana ali kusukulu, anatseka chitseko, n'kukhala pafupi nane, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo ake, tili awiriwiri muno. Ndiuzeni zoona, sindikauza munthu." Takhala m'banja zaka makumi awiri ndi chimodzi. Ntchito inandipweteka, koma funso limeneli linandipweteka koposa, chifukwa nanenso ndinali nditayamba kudzikayikira. Kuyambira pamenepo ankandiyang'ana mwendo mobisa ndikamadutsa m'khonde. Mawu anu awiri aja analowa m'nyumba mwanga n'kukhala pampando wanga.

5. Tsopano kunkhani yokoma. Mlongo wanga uja, pomva chisoni kuti kabati yake ndiyo inandidyetsa ntchito, anandikokera kwa dokotala wa ubongo ndi mitsempha, mayi wina wamfupi wa magalasi ochindikala. Mayiyu anandigoneka pabedi, n'kuika dzanja pansi pa chidendene cha mwendo wokanawo. Atandiuza kuti ndikanikize pansi, sunachite kanthu. Atandiuza kuti ndikweze mwendo winawo, wokana uja unakanikiza dzanja lake mwamphamvu ine osautuma. Kenako ndinamuonetsa kanema wa kapitawo, mutu nditazolika ndi manyazi. Anamuonera katatu, maso ali gwa, n'kupempha kuti akaonetse ophunzira ake.

Anandiuza kuti matendawa ndi odziwika, ali ndi dzina lawo lalitali, ndipo odwala ake ndi ambiri. Mwendo uli bwino, mitsempha ili bwino, koma uthenga wochoka kuubongo umasokonekera panjira imene unazolowera, makamaka munthu akamauganizira mwendowo. Ukayenda mwachilendo, monga chafutambuyo, uthengawo umadzera kwina n'kufika. Ndinamva msanga, chifukwa nafenso sofa ikakana pakhomo timailowetsa pazenera, ndipo palibe amati sofayo ikunama. Ndiye taonani kukoma mtima kwanu, Bwana: kanema amene munandichotsera ntchito ndi yemweyo amene anathandiza dokotala kudziwa matenda anga. Mukam'thokozereko kapitawo. Akadzatopa ndi ukazitape, chipatala chikumufuna.

6. Dokotalayo ndi anzake ankachita kafukufuku, ndipo anandipempha kuti ndilowe nawo. Tinalipo odwala makumi anayi, ndi anthu ena makumi anayi osadwala oti atiyerekeze nawo. Aliyense analowetsedwa m'chimpaipi choyera chimene chimalira ngati owotcherera zitsulo asanu akupikisana. M'chipinda chodikirira ndinapeza abale amene sindinkawadziwa. Muli mphunzitsi amene dzanja lake limanjenjemera, koma limaima akamagogoda tebulo ndi dzanja linalo. Muli telala wa khosi lopindikira kumanja, amene apongozi ake amati n'kunyada. Muli dalaivala wa basi amene phewa lake limadumpha lokha, moti pamaliro anthu amaganiza kuti akutsutsa mlaliki. Aliyense anali ndi bwana wake, kapena m'bale wake, amene anamutchapo wabodza. Tinkaseka mpaka namwino kudzatiletsa.

Lachinayi lapitali anatiitana kukamva zotsatira. Tiyi anatithirira theka la kapu, poti amatidziwa. Kenako anazimitsa magetsi n'kuonetsa pakhoma ubongo waukulu wotuwa, wokhala ndi timadontho tofiira ndi tachikasu. Dokotala anati m'timalo timeneti, tokhudza kumva mantha, kutchera khutu ku thupi ndi kuyendetsa ziwalo, ubongo wa gulu lathu unasiyana pang'ono ndi wa anzathu osadwala aja. Bwana, m'chipinda muja munachitika zinthu. Mphunzitsi anataya theka la tiyi lija. Dalaivala anakumbatira telala. Ine ndinazungulira tebulo kawiri chafutambuyo ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Poti ine si wabodza, ndikuuzeninso zimene dokotala anachenjeza titakhala pansi. Anati kusiyanaku n'kochepa, ndipo sakudziwabe ngati ndiko kunabweretsa matenda kapena matenda ndiwo anakubweretsa. Anatinso sikuoneka pa chithunzi cha munthu mmodzi, kumaoneka pokhapokha mitu yonse makumi anayi akaiphatikiza. Akuluakulu ananena kale kuti mutu umodzi susenza denga, koma sindinkadziwa kuti ankanenanso za makina.

Mayi a kunyumba anali nane. Anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu n'kufunsa kuti, "Ndiye kuti chithunzichi chikusonyeza kuti bambowa sankanama?"

Dokotala anavula magalasi n'kuyankha kuti, "Mayi, bambowa sankanama ngakhale chithunzichi chisanajambulidwe."

Mayi a kunyumba sanalire m'chipindamo, si khalidwe lawo. Koma titatuluka anaima patsogolo panga, n'kunditembenuza, n'kundigwira manja onse awiri monga timagwirira tebulo. Tinayenda choncho mpaka pokwerera basi, ine chafutambuyo, iwo akundiuza njira: sitepe, ngalande, njinga kumanzere. Anthu ankatiyang'ana, ife tikungoseka, misozi ili mbwembwembwe. Kupepesa kwawo kunali komweko, ndipo kunandikwanira. Chithunzicho anachiika m'felemu pabalaza, pambali pa cha ukwati. Alendo akafunsa kuti ine ndili pati pamenepo, amaloza kadontho kofiira kwambiri.

Ndiye Bwana, chithunzi munachifuna chija ndachimata kumapeto kwa kalatayi. Mukaona kuti sichikukwanira chifukwa mutu wanga suli wokha, musavutike, anzanga onse makumi atatu ndi asanu ndi anayi avomera kubwera nane kuofesi kwanu Lolemba. Mungouza mlembi achotse makapu agalasi.

Zopempha zanga ndi zitatu zokha, zazing'ono ngati mwini wake. Choyamba, mufufute mawu awiri aja m'fayilo yanga ndi pabolodi la pageti, pomwe ndamva kuti akadalipo ngakhale dzuwa lawafwifwitsa. Ana anga amadutsa pageti limenelo popita kusukulu, ndipo onse amadziwa kuwerenga.

Chachiwiri, mundibwezere ntchito, koma mbali ya kumunsi yokha, imene amuna anu amaithawa m'mawa uliwonse. A mafizo kuchipatala akundiphunzitsa kuyenda cham'tsogolo ndipo ndafika kale pa mapazi makumi awiri osakhwekhwereza, koma chafutambuyo palibe angandipose m'kampani monsemo. Munachotsa munthu yekhayo amene amaifuna mbali imeneyi. Nzeru zotere ine sindingazifike, ndingozisirira.

Chachitatu n'chaulemu chabe. Ndamva kuti mwezi wamawa ofesi yanu ikusamukira ku nyumba yatsopano, ndipo chidesiki chanu chija, chimene sichilowa m'chikepe chokwezera anthu pansanjika, chiyenera kutsika masitepe makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi. Ndinachikweza ndine, ndikuchidziwa kulemera kwake. Ndamvanso kuti mayere achitika kale katatu koma aliyense amene agwera kumunsi akumadwala msana, wopanda chithunzi. Ndiloleni ndidzagwire kumunsiko. Inu mudzavule jekete tsiku limodzi lokha, mudzagwire kumtunda kopepuka. Simudzasowa kudziwa kanthu, ntchito yathu ili ndi lamulo limodzi basi: onyamula awiri amayang'anana m'maso mpaka katundu atafika pansi, chifukwa wina akasiya kukhulupirira mnzake, onse awiri amathyoka. Mudzandiyang'ane choncho masitepe onsewo. Tikadzafika pansi, ngati mawu awiri aja adzakhale akadali pakamwa panu, mudzawanenenso, ine ndidzawalandira ndi manja awiri.

Musadzaope kuti ndidzakusiyirani desiki panjira. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri sindinatayepo mbali yanga.

Ine wanu wogonjera nthawi zonse, amene akutuluka pamaso panu chafutambuyo monga ulemu ufunira,

Rivesi,
Wonyamula katundu, mmodzi mwa mitu makumi anayi.