Seva ya pansi pa tebulo

Lolemba
Imelo ya ofesi yatsekeka. Nambala yotsegulira ikupita pa foni ya mayi, akazi a bwana Chimbalanga, ndipo mayiwo anapita kwawo ku Thambani atakangana ndi bwana. Bwana akuti sapepesa. Akuti ndipeze imelo ina, ya dzina la kampani, Lachisanu lisanafike. Tsikulo kasitomala wathu wa ku Beira atumiza mapepala oombolera mathiraki ake a feteleza pano pamalire.

Lachiwiri
Njira zilipo zitatu. Kampani ya kunja ikufuna madola, ndipo kubanki akuti tidikire. Ya ku Blantyre ndi yabwino, koma bwana akuti mwini wake amapemphera limodzi ndi alamu awo. Yatsala yokhala ndi seva yathuyathu. Ndawachenjeza za magetsi. "Zinsinsi zanga zisagonenso kwa munthu," atero.

Lachitatu
Seva ndi kompyuta yakale ija, ndaiika pansi pa tebulo langa. Ikulira ngati chigayo, ikundiwotcha miyendo. Itangoyamba kugwira, magetsi thii!

Lachinayi
Magetsi abwera. Ndatumiza uthenga ku Beira wodziwitsa adiresi yatsopano. Sakuyankha. Ndaimba foni: akuti uthengawo wagwera ku zinyalala za imelo yawo, ndipo akuganiza kuti ndife akuba. Masana alonda azula seva kuti atchaje foni.

Lachisanu
Mapepala sanafike. Mathiraki aima ku Zobue, madalaivala adzaza pakhonde pathu, akutukwana m'Chipwitikizi. Wina wandigwira malaya. Bwana atulukira khomo lakumbuyo, akuti akudwala mutu. Madzulo madalaivala achoka mwakachetechete. Ndinaganiza kuti atimvera chisoni.

Loweruka
Bwana andituma ku Thambani kukapempha nambala, koma ndinene kuti ndabwera mwa ine ndekha. Ulendo wa pikiapu, fumbi mpaka m'mano. Mayi andilandira bwino, andipatsa manachesi. Imelo yakale ikugwira bwinobwino pa foni yawo! Akhala akuyankha makasitomala sabata yonse. Mathiraki aja aomboledwa dzulo ndi kampani ya achimwene awo, imene tsopano mayi akuyendetsa. "Mukawapatse moni bwana wanu," atero.

Lamulungu
Bwana andipeza potuluka m'tchalitchi. Akuti ine ndi amene ndinasankha seva, ndisabwerenso. Sindinatsutse, anthu anali kuyang'ana. Ndaimbira mayi kufunsa ntchito. Akuti malo alipo, nditumize kalata pa imelo lero lomwe. Imelo yanga ili pansi pa tebulo lija, ndipo makiyi a ofesi ndabweza kale.