Zili Bwino, Madamu

Lolemba

Chiperoni chayamba mamawa. Minda ya tiyi sikuoneka, ndikungomva mawu a othyola masamba m'chifunga.

Ahedi andiitanira mu ofesi. Akuti sukulu ina ya kwa Nsabwe ilibe aphunzitsi, ndiye ife tipereke mmodzi wa Sitandade 2. A Sitandade 2 tilipo awiri: ine ndi Madamu Nakoma, mtsikana wongochoka ku koleji dzana. Lachisanu kubwera a PEA, mlangizi wa masukulu a zoni yathu, kudzationerera tonse tikuphunzitsa. Amene ana ake akuwerenga atsala. Winayo amange katundu.

Anga sakuwerenga. Kuimba ba be bi bo bu amaimba mpaka malata kunjenjemera, koma apatse buku, amangoti maso tuzu. Chifukwa chake sindikuchidziwa.

Kwa Nsabwe sindingapite. Amuna anga, abambo a Tadala, chidwalireni sitiroko, mbali yakumanja siigwira. Wowadzutsa ndine, wowasambitsa ndine, wowaperekeza ku kiliniki ya esiteti ndine. Kumeneko kulibe nyumba ya mphunzitsi, chipatala chili kutali. Ndingawatenge bwanji?

Koma sindilira. Ndili ndi pulani! Ndatsegula gulupu pa foni, dzina TIPHUNZITSANE. Aphunzitsi okhaokha, a pano, a ku Masambanjati, ena a kwa Chimaliro. Popanda bwana, popanda alawansi. Wina ajambule phunziro lake, enafe timuuze pamene akulakwitsa. Woyamba ndine.

Malamulo:
– Malonda ayi.
– Mavesi a m'mawa ayi. Mulungu andikhululukire.
– Kunena zoona, ngakhale ziwawe.

Onse ndawapatsa uadimini, poti tonse ndife ofanana. Nzeru ngati zimenezi ndinali nazo kuti zaka zonsezi?

Lachiwiri

Madamu Nakoma avomera kundijambula. Tikulimbirana malo amodzi, koma mwanayu ali ndi mtima wabwino. Iwo kumbuyo ndi foni, ine kutsogolo ndi choko. Phunziro: mph, nth, nkh. Ana akufuula kuposa masiku onse poona kamera.

Ndionera vidiyo. Kalanga ine! Ndinanenepa liti chonchi? Imvi izi zinabwera liti? Za phunziro sindikuonapo cholakwika, maso angokakamira pa imvi.

Pasukulu netiweki palibe. Ndikwera kaphiri ka m'munda wa tiyi, pafupi ndi shedi yoyezera masamba, mkono m'mwamba ngati mboni kukhoti. Amayi othyola tiyi akufa nako kuseka. "Aphunzitsi, mvulayi sikukukwanani, mukuitana ina?" Vidiyo ili pakati, bandulo yatha. Kutsika, kukagula ina kwa Che Jafali pa golosale, kukweranso. Mawondo anga!

Yapita. Mayankho:
– Chala cham'mwamba.
– Chala china.
– "Zili bwino, Madamu."
– "Ameni."
– "Chitenjecho ndi cha ku Limbe?"
– A Makwinja a Sitandade 8: "Ife tikuuzeni chiyani? Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto."

Moto ukuyaka m'nyumba mwanga, a Makwinja, ndipo dambolo lauma.

Lachitatu

Ndatumiza voisi. Ndalankhula mofatsa ngati wopempha mchere kwa mnansi amene munayambana dzulo. Ndati abale anga, sindikufuna kuyamikiridwa, nditsineni khutu. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mayankho:
– "Zoonadi Madamu, wakutsina khutu ndi mnansi."
– "Mawu akuluakulu amenewo."
– Timanja topemphera.

Wonditsina palibe.

Foni ikuonetsa kuti a Makwinja akulemba. Akulemba, asiya, akulembanso. Ndakhala pa chitsa m'mphepete mwa tiyi, chitenje chanyowa ndi mame. Uthenga wafika: "Odwala adzuka bwanji?"

Pa buleki ndigwira Madamu Nakoma pa mkono. Ndati inu munali kumbuyo, munaona chiyani? Ayang'ana nsapato zawo. "Ana amakukondani, Madamu." Kenako akuti aiwala choko m'kalasi.

Masana tsoka. Wina wa kwa Chimaliro waona kuti si ulemu aphunzitsi kusonkhana popanda akuluakulu, ndiye walowetsa ahedi athu mu gulupu. Uadimini wanga uja! Ahedi alemba kuti athokoza chitukukochi, mutu umodzi susenza denga, ndipo onse afike mofulumira pa asembule.

– "Zamveka bwana."
– "Zamveka bwana."
– "Zamveka bwana," a ku Masambanjati, amene ahediwo sanawaonepo n'komwe.

Kuwachotsa sindingathe. Munthu ungachotse ahedi ako Lachisanu lili pakhomo?

Lachinayi

Ahedi nawo aona kuti si ulemu iwo kukhalamo popanda owaposa. Alowetsa a PEA.

Gulupu yati zii. Anthu akufufuta zimene analemba, ngakhale "Ameni" uja wafufutidwa. Atatu atuluka mwakachetechete ngati ochoka pa maliro nthawi ya chipepeso.

Ndidzitonthoza: wolowa mochedwa saona zakale, vidiyo yanga a PEA saipeza. Mtima ukungoyamba kutsika, a Makwinja aitumizanso. "Kuti abwana aone khama la Madamu athu." A Makwinja, ndinakulakwirani chiyani?

A PEA ayankha mawu amodzi: "Ndaona."

Aona chiyani? Ndiionera kachiwiri, kachitatu. Mawu anga akumveka, ana akuyankha, zilembo ndinalemba mowongoka. Palibe!

Madzulo wina wathyola lamulo, akugulitsa mapeyala. Anthu amene anali osalankhula aja atseguka pakamwa: ang'onoang'ono, odula, osakhwima, a chaka chatha anali bwino. Peyala akulidzudzula mopanda mantha.

Kunyumba sindinanene kalikonse sabata yonseyi. Ndikuwapukuta kumsana, abambo a Tadala alimbana ndi lilime lawo mpaka mawu atuluka: "Ku... sukulu?" Ndati kuli bwino. Agwedeza mutu, akhulupirira. Ndatuluka kukataya madzi, ndakhalitsa panja.

Lachisanu

Ndasita diresi la ku tchalitchi. Ana ndawauza asambe.

A PEA afika pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo. Ayamba kwa Madamu Nakoma. Kudzera pa khoma ndikumva kamwana kamodzi kakuwerenga kokha, pang'onopang'ono, kenako kena. Kalasi yachete chonchija, ndikuti mumtima, imeneyo ndiye kalasi?

Kwanga akhala kumbuyo pa benchi ya ana. Ndilemba nkhuku, nkhosa, nkhuni. Ndiloza, ndinena, ana afuula. Malata akunjenjemera. A PEA akupendeketsa mutu kumanzere, kenako kumanja, kenako akusuzumira ngati munthu wa mu minibasi amene akufuna kuona siteji yake. Ndikuganiza kuti khosi likuwapweteka chifukwa cha msewu.

Aitana kamtsikana ka kumbuyo, aloza nkhuni. Mwana sakuyang'ana bolodi. Akuyang'ana pakamwa panga.

Mu ofesi alankhula mwaulemu, ndipo ulemuwo ukuwawa kuposa kukalipa. "Madamu, mumaima pakati pa bolodi, msana kwa ana, osasunthapo. Ine wamtali sindinaone chilembo ngakhale chimodzi. Ana anu saona zimene mukulemba, amangobwereza mawu anu. Mu vidiyo muja zinali chimodzimodzi. Ndimaganiza kuti anzanu akuuzani."

Basi. Kungosuntha! Kuima pambali ngati munthu wopatsa njira ngolo.

Ndati Lolemba lomweli ndisuntha, bwana. Ndanena za odwala. Amva chisoni, ndaona m'maso mwawo. Koma akuti dzina liyenera kupita lero, ndipo sangachotse amene ana ake akuwerenga. Kumapeto kwa mwezi ndikayambe kwa Nsabwe.

Ndawauza abambo a Tadala. Angogwira chitenje changa ndi dzanja lamanzere, osachisiya.

Loweruka

Ndikuchapa, foni ikungolira. Si mu gulupu ayi, aliyense akubwera payekha kumbali.

– A Makwinja: "Pepani Madamu. Ndinaona Lachiwiri lomwe. Ndinalemba, ndinafufuta. Mwamuna anganene bwanji za thupi la mkazi wa mwini?"
– Wa chitenje cha ku Limbe: "Ndimafuna kuyamba ndi chitenje kuti ndifike pa bolodi, koma mtima unakana."
– Wa kwa Chimaliro: "Ndimayesa ena anena."
– Ahedi: "Zinkaoneka kalekale, koma tinkalemekeza msinkhu."

Kalekale! Ndiye kuti ana angati adutsa m'manja mwanga akuwerenga msana wanga?

Onse anaona. Onse! Ndakwiya mpaka ndang'amba kolala ya malaya pochapa. Kenako mkwiyo watha, kwatsala manyazi.

Masana Madamu Nakoma afika okha pakhomo ndi phava la nthochi, maso ofiira. "Ndinu msinkhu wa mayi anga. Ndikananena, mukanati ndikukunyozani kuti nditsale ine." Ndikufuna kukana. Ndikuganiza bwinobwino, mwina ndikanaterodi. Takhala pa khonde tonse awiri tikulira, nthochi zili pakati.

Mu gulupu ndiye muli moyo tsopano. Wina wasintha dzina: KUTSANZIKA MADAMU. Akukangana ngati aphike mpunga kapena agule mabanzi, ndipo aliyense akunena maganizo ake mosabisa.

Lamulungu

Ku tchalitchi sindinapite. Chiperoni chabweranso.

Esinati, mlongo wawo wa abambo a Tadala, wafika kuchokera ku Masambanjati ndi kachikwama. Wavomera kukhala nawo ine ndikapita. Wasiya geni yake ya tomato, wasiya ana kwa apongozi. Ine ndizibwera Loweruka ngati msewu walola.

Ndikumuphunzitsa:
– Mankhwala asanadye, osati atadya.
– Madzi osamba ayese ndi chigongono, mbali yakumanja samva kutentha.
– Akayamba kulankhula adikire, asawamalizire mawu.

Tafika pa kudzutsa. Esinati awagwira pa dzanja lodwala n'kukoka ngati akuzula chinangwa. Abambo a Tadala atsinzina, koma sadandaula, ndi mlongo wawo. Esinati anditembenukira akumwetulira. "Ndakhoza, alamu?"

Ndati ayi. Ndati mwalakwitsa, mukatero muwagulula phewa, lowetsani mkono kunsi kwa khwapa, bwerezani. Wabwereza, walakwitsanso, ndanenanso. Mawu anatuluka okwera kuposa mmene ndimafunira.

Pano ali kuseri kwa nyumba, sakundilankhula. Ndamumva akuuza aneba kuti anabwera kudzathandiza, osati kudzalowa Sitandade 2, ndipo minibasi za ku Masambanjati sizinathe.

Abambo a Tadala andiyang'ana nthawi yaitali. "Mwa... mu... khumudwitsa."

Ndikudziwa. Esinati akachoka ndilibe wina. Ndikathira tiyi, ndimutengere kuseriko, ndipepese mpaka aseke. Akamaliza kumwa tibwerera kuchipinda, akawadzutsenso ine ndikuona.