Ulendo Wotchipa wa a Dzimbiri

Khalani pansi ana inu, mafoniwo muyambe mwaika m'thumba. Mwambi umene ndikuuzeni lerowu unayamba motere.

Ku Limbe kunali bambo wina wogulitsa zitsulo za galimoto, dzina lake a Dzimbiri. Anali munthu wakhama ndi wokonda banja lake, koma mawu oti "kodi" sankatuluka pakamwa pawo. Akasochera mumsewu ankalolera kuzungulira mpaka mafuta kutha, osaimitsa munthu n'kufunsa njira.

Mwana wawo Tiyamike atakhoza mayeso a Fomu 4, a Dzimbiri analonjeza pamaso pa abale kuti atengera banja lonse kunja, ndipo osati ku Joni kumene amapita aliyense. Anakhala pafoni masiku angapo kusakasaka ulendo wotchipa, mpaka anaupeza.

"Mayi a Tiyamike, tikupita ku Ayisilandi," anauza akazi awo, a Nangondo. "Ndi chilumba cha kumpoto kwenikweni. M'Januwale matikiti amagwa mtengo, nyumba zogona zimagwanso. Azungu mwezi umenewu amangousiya, sadziwa kusamala ndalama."

"Nanga amausiyiranji? Bwanji tifunse achimwene anga? Paja iwo anakaphunzira za nsomba komweko."

"Alamu anga akandiuza chiyani chimene foni sinanene? Kumeneko mapiri amalavula moto, madzi amatuluka pansi akubwadamuka. Dziko lokhala pamwamba pa mbaula lingazizire? Majuzi asiyeni, chikwama chikalemera amalipiritsa."

Tiyamike anayesa kuthandiza. "Adadi, komatu dzinalo likutanthauza dziko la madzi oundana."

"Dzina ndi dzina, mwanawe. Ku Mpondabwino nthawi ya dzinja umaponda bwino iwe?"

Ufa ndi usipa umene a Nangondo anamanga anawuletsanso. Anati nyumba imene apeza analemba kuti muli zonse.

Atatsika ndege, mphepo inawalandira ngati ili nawo pa mlandu. A Dzimbiri anali mu shati ya manja aafupi. Mano anayamba kuombana okha, koma anati ndi kamphepo ka pabwalo la ndege chabe, kutsogoloku kufunda. A Nangondo anamasula zitenje, china anafunditsa Tiyamike, china anapatsa amuna awo, ndipo bambo wolemekezeka wa ku Limbe anakwera basi atadzikulunga ngati namwali.

Nyumbayo inali yotchipadi, chifukwa inali kutali ndi tauni, pakati pa miyala yakuda ndi chipale choyera. Mwini wake anali mayi wachikulire wokhala m'nyumba yoyandikana nayo. Anawapatsa makiyi, anayang'ana zitenje zija, n'kunena m'Chingerezi kuti akafuna chilichonse angogogoda. A Nangondo anakodola amuna awo ndi chigongono.

"Zonse zili bwino, amayi," anatero a Dzimbiri, milomo ili gwa.

M'nyumbamo munalidi zonse: mapoto, mbale, masipuni, mipeni. Chodya ndiye munalibe. Anagona ndi mabisiketi a m'ndege.

Atadzuka kunja kunali kudakali mdima, choncho a Dzimbiri analamula kuti adikire kuche kuti apite kukasaka golosale. Anadikira, anagonanso, anadzukanso, mdima uli pomwepo. Dzuwa linadzasuzumira mochedwa, lofooka ngati lodwala malungo, ndipo pamene iwo ankamaliza kukangana za njira ya kutauni, linali litayamba kale kulowa. Chipale chinayamba kugwa, msewu osaonekanso.

Njala inafika povuta. Tiyamike anangokhala pakona, misozi ili m'maso. A Dzimbiri zinawapweteka mumtima, pakuti ulendowu unali wa mwanayo. Anayamba kutsegula makabati mmodzimmodzi, ndipo m'kabati yomaliza anapezamo mbale ya tinthu tachikasu tozungulira ngati zitumbuwa, tonunkhira uchi.

"Mwaona! Ndinati muli zonse. Awa ndi makeke akuno."

"Bambo a Tiyamike, tiyeni tikafunse kaye mayi aja."

"Tikafunse kadyedwe ka keke? Mutu wa banja ndine, ndiyamba kulawa ndine."

Analuma. Chinthucho chinali cholimba, kenako chinafewa n'kumata mano onse. Anatafuna, anatafunabe, koma sichinkatha m'kamwa. Kutsekemera kunalibe, fungo lokha. Pakati anapezapo kachingwe koyera.

"Nanga ako n'kachiyani?" anafunsa a Nangondo.

"N'kogwirira," anayankha movutikira. "Azungu sagwira chakudya ndi manja."

Anameza ndi madzi, maso ali psuu. Kuti asaoneke ogonja, anatenga chachiwiri n'kuchimalizanso. Atapatsira Tiyamike, mwanayo ananunkhiza n'kubweza. Apo a Nangondo anaimirira, anamanga chitenje kumutu, natuluka osatsanzika. Anapita kukagogoda.

Posakhalitsa anabwerera limodzi ndi mayi uja, atanyamula poto wa msuzi wa nsomba, buledi wotentha ndi mulu wa majuzi a ubweya wa nkhosa. Mayiyo anati anakhala akudabwa kuti alendo ake akudya chiyani, koma poti bambo ananena kuti zonse zili bwino, sanafune kulowerera. Anawauzanso kuti mwana wake amapita kutauni m'mawa uliwonse ndipo akhoza kumawatenga ulere.

Ali mkati mopakula, magetsi anazima chifukwa cha mphepo. Mayi uja anati asadandaule, anawasungira zounikira. Anapapasa mbale ija patebulo, anakhwatcha machesi, nayatsa kachingwe ka keke imodzi. Keke inayaka bwinobwino, nyumba yonse kuwala.

Onse anatembenukira kwa a Dzimbiri.

"Awa ndi makandulo a phula la njuchi," anatero mayiyo, akusuzumira m'mbale. "Koma ndinasiya ambiri. Enawo mwayatsa kale?"

"Sanayake, amayi," anatero a Nangondo mofatsa. "Tawasunga pabwino."

Tiyamike anaseka mpaka kutsamwa msuzi. A Dzimbiri sanathe kudziteteza, nsagwada zinali zitamatana. Msuzi anamwa ndi sipuni yaing'ono, ndipo m'mimba munawavuta masiku angapo.

Masiku otsalawo ulendo unakoma, chifukwa woyendetsa anali a Nangondo, amene ankafunsa chilichonse kwa aliyense. Anakasamba m'dziwe la madzi otentha, anaona kumwamba kukuvina kuwala kobiriwira, ndipo Tiyamike anajambula zithunzi zodzaza foni.

Atabwerera ku Limbe, a Dzimbiri anapempha kuti nkhani ya makeke ithere m'banja. Inatheradi m'banja, kungoti banja la a Nangondo ndi lalikulu. Alamu awo aja atamva, anabwera pashopu, anakhala pa tayala, nawafunsa ngati angawayatse kumutu magetsi akazima. Kuyambira tsiku limenelo dzina la Dzimbiri linafa, msika wonse unkawaitana a Safunsa.

N'chifukwa chake, ana inu, mukaona munthu akulowa m'chinthu chimene sakuchidziwa, pakamwa atatseka, mutu uli m'mwamba, akulu amangopukusa mutu n'kunena kuti: Safunsa anadya phula.