Galu wa Bambo Mfumu Sadya Anyezi

Lolemba

Mwayi wandigwera lero! Bambo mfumu apita ku msonkhano wa ansembe, abwera Loweruka madzulo. Kuki wawo ali ku maliro ku Chimbiya. Ndiye galu wawo, Buluno, amusiya kwa ine. Kwa ine, woimba belu, osati kwa akatekisiti onyada aja!

Mawu awo ndilembe ndisanaiwale: "Mukandibwezera Buluno ali bwinobwino, malata akale aja ali kuseri kwa tchalitchi ndi anu."

Malata khumi ndi awiri! Adzimbiri pang'ono, koma malata ndi malata. Zaka zisanu ndi zinayi ndili pachikamwini m'mudzi muno, ndipo apongozi sanasiyebe kutcha nyumba yanga sefa. Mvula ili pafupi, mitambo yayamba kale kugona paphiri.

Andisiyira pepala, pamwamba alemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti GALU ASADYE:
anyezi ndi adyo
chokoleti
mphesa zouma
khofi ndi tiyi
mafupa a nkhuku ophika
mowa uliwonse, ngakhale masese
ufa wokanda wa buledi
njere za mapichesi
zamchere wambiri

Kuno kwathu, munthu kuletsa anyezi! Nanga timalima chiyani?

Chakudya chake: mpunga ndi nyama yowamba, kuwiritsa popanda mchere. A Nangozo, mayi a kunyumba, ayang'ana thumba la mpungawo nthawi yaitali. Akuti, "Ife mpunga timaonana nawo pa Khirisimasi."

Pulani yanga ndi yosavuta. Kumumanga pamkungudza, kutali ndi mtengo wa mapichesi. Kumudyetsa ine ndekha. Lamulungu kusenza malata. Basi.

Pepala ndalikhoma pachitseko kuti aliyense aone.

Galu wanga Alekeni wamununkhiza mlendoyo kawiri, kenako wapita kukagona paphulusa. Alekeni ndinabwera naye ali kamwana tsiku limene ndinalowa m'mudzi muno, ndiye m'bale wanga yekhayo kuno. Iyeyu alibe pepala. Anadyapo sopo, anadyapo kandulo wa Pasaka, ali moyo.

Lachiwiri

Mudzi wonse wamva. Akumutchula kuti a Buluno. Ine mpaka lero ena amangoti "mkamwini uja".

Apongozi afika m'mawa, aima kuseri kwa nkhokwe monga mwa ulemu wathu, akulankhula kudzera mwa mwana wawo: "Muwauze kuti mlendo wa ansembe sangagone pakhomo pathu osamuphera nkhuku. Tingachite manyazi mpaka ku Mayani."

Nkhuku! Ine tsiku lofika anandiphikira chisoso.

Ndavundukula mbale. Anyezi ali yandayanda mumsuzi. Mafupa onse alimo. Mchere wochita kuluma pamphuno. Zoletsedwa zitatu m'mbale imodzi!

Kukana mbale ya apongozi? Mkamwini sakula mwendo choncho. Ndipo apongoziwo sakuchoka, akudikira mbale yawo.

Nzeru zabwera. Ndati a Buluno ndi amanyazi, anakulira kwa ansembe, sadya anthu akuona. Ndawatengera kuseri kwa nyumba, mbale m'manja. Ntchafu ndadya ine. Zotsala ndakhuthulira Alekeni. Wameza osatafuna, kenako wandiyang'ana ngati ndasokonezeka mutu.

Mbale yabwerera ili mbee. Apongozi akondwa. Akuti mawa abweretsanso.

Buluno wadya mpunga wake, wageya, wagona. Tsiku lachiwiri latha bwino. Ndayeza denga ndi chingwe, malata khumi akukwana, awiri atsala a khitchini.

Lachitatu

Kalanga ine! Zamveka kuti a Buluno amalandira mphatso, ndipo aliyense ali ndi kanthu kake kofuna kwa Bambo mfumu. Wina malo a mwana kusukulu. Wina ubatizo wa mwana wobadwira kuthengo. Wina, ndikukayikira, malata anga omwewo.

Zafika lero:
nkhuku yachiwiri ya apongozi, anyezi awonjezera
masese a mayi Nasiketi ofulula mowa, chipanda chodzaza
tiyi wamkaka wa amayi a kwaya, m'ketulo
ufa wokanda wotsala pa masikono, akuti agalu achizungu amakonda zofewa
chokoleti cha a Gwaza a golosale, chimene chakhala pashelefu chitsegulireni sitoloyo, chayera ngati chili ndi imvi

Ndawaloza pepala pachitseko. A Gwaza awerenga mokweza mpaka pansi, agwedeza mutu, akuti, "Ndiye kuti izi ndi zimene amazikonda kwambiri. Munthu saletsa mwana chinthu chimene sachifuna."

Aliyense akudikira mbale yake. Ulendo wa kuseri kwa nyumba ndayenda kasanu.

Masese ndathandizako ine, kuti asawonongeke. Tiyi a Nangozo. Zina zonse Alekeni. Mimba yake yatuluka, nthiti zabisala. Akuyenda pabwalo monyang'wa, mchira m'mwamba, agalu anzake akumupatukira njira. Ndaseka mpaka misozi. Ndati idya m'bale wanga, zaka zonsezi wavutika nane, lero ndi tsiku lako.

A Nangozo sakuseka. Akuti, "Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada." Akazi ndi miyambi!

Belu la masana ndaimba mochedwa. Masese aja.

Lachinayi

Zavuta.

Afika a tcheyamani a chipani, akuluakulu aja a kutsidya kwa mtsinje, ndi anyamata awiri a malaya ofiira. Mwamwayi Buluno ali m'nyumba, ndamubisa chifukwa cha dzuwa. Aima pachitseko, awerenga pepala. Kawiri.

"Analemba ndani?"

Ndati Bambo mfumu.

"M'dziko muno amaletsa zinthu ndani?"

Ndati boma.

"Nanga boma likuti chiyani za anyezi?"

Ndati likuti tilime.

"Ndiye inu, woimba belu, mwakhoma chikalata pachitseko chonena kuti mbewu imene boma likulimbikitsa ndi poizoni?"

Ndayesa kufotokoza kuti ndi za galu chabe. Akuti zimayamba ndi galu. Lero galu akana anyezi, mawa anthu akana kugula, mkuja alimi a Dedza alira, ndipo adani a chitukuko aseka.

Mnyamata mmodzi wafunsa ngati a Buluno ali ndi khadi la chipani, poti akuti amadyera m'mbale ndipo amatchulidwa ndi "a". A tcheyamani aganiza kaye, akuti nkhaniyo aitumiza kumtunda.

Chigamulo: mawa pamsonkhano wa pabwalo, galu wa ansembe adye mbale ya anyezi pamaso pa anthu onse, mphekesera ithe. Akakana galuyo, ine ndikafotokozera ku boma. Amene amapita kukafotokoza ku boma timawadziwa. Mabanja awo akudikirabe.

Pepala alichotsa, apita nalo.

Ndiye zili chonchi. Buluno akadya, malata apita. Akapanda kudya, ndapita ndine.

Nkhuku yachitatu yafika. Ine sindinalawe n'komwe. Alekeni wamaliza, koma mochedwa, akupumira pakati. Kukhuta kumeneko.

Lachisanu

Mulungu andikhululukire.

M'mamawa ndasambitsa Alekeni ndi sopo wa Buluno. Koyamba m'moyo wake. Walira ngati ndikumupha. Ndamupesa, ndamuveka lamba wa Buluno wa kabelu uja, ndamufunditsa bulangeti la Buluno kuti khutu long'ambika lisaoneke. Onse ndi ofiirira. Kusiyana n'kwakuti Buluno ndi wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, Alekeni ndi Alekeni.

Buluno ndamutsekera m'nyumba ndi mpunga wake.

Pabwalo anthu ali thithithi. Amayi avina kaye. A tcheyamani alankhula za anyezi ola lathunthu. Kenako aloza: "Nayu galu wa ansembe!"



Mudzi wonse ukumudziwa Alekeni. Palibe khitchini imene sanabemo. A Gwaza ali ndi chipsera chake pakatumba. Koma a tcheyamani anena kale, ndani atsutse? Ndamva mayi wina akuti, "Eee, agalu achizungu ndi okongoladi." Mwana wina wayamba kuti "Amayi, si Ale..." dzanja lamutseka pakamwa.

Mbale yabwera, anyezi okazinga, yodzaza mpaka kusefukira. Alekeni wanunkhiza. Watembenuka kundiyang'ana. Sakufuna. Alekeni, wodya kandulo, sakufuna! Ndagwada, ndamusisita, ndamunong'oneza kuti idya m'bale wanga, ndipulumutse. Wadya. Pang'onopang'ono, mpaka kunyambita.

Nthungululu! M'manja! A tcheyamani andigwira dzanja, akuti ndine mwana weniweni wa chipani.

Apongozi, maso awo ndi a utsi kale, atumiza mawu: "Galu wa ansembe waonda, wayamba kufanana ndi chigalu cha mkamwini chija. Mawa ndipha tambala."

Ndapulumuka! Buluno ali bwino, ine sindipita ku boma, malata akubwera. Ndani ali ndi nzeru m'mudzi muno?

Pobwerera Alekeni wakhala pansi kawiri panjira. Kachitatu ndamunyamula.

Loweruka

Alekeni sakudzuka.

Wasanza. Akupuma mofulumira. Ndamutsegula kukamwa, nkhama zayera ngati ufa. Wakodza ali chigonere, mkodzo wa mtundu wa tiyi wopanda mkaka. Tambala wa apongozi ndamuika pamphuno pake, watembenuza mutu.

Ndati mwina ndi sopo uja. Mwina wina wamulodza chifukwa cha nsanje ya dzulo.

A Nangozo akupeta mpunga wa Buluno, osandiyang'ana. Akuti, "Kodi bambo, pepala lija linati galu wa ansembe yekha?"

Pepalalo ndinaliwerenga kakhumi, ndikuliona m'mutu. Linangoti galu. Zoti ndi za agalu achizungu okha ndinawonjezera ndekha. Ndinkaganiza kuti galu wa mmphawi ali ndi mimba ina. Sabata yonse ndakhala ndikuteteza mlendo, chiphe chonse ndikuthira m'bale wanga, iye n'kumandigwedezera mchira.

Chitsiru ine! Chitsiru chenicheni!

Ndamuphikira mpunga wa Buluno, wopanda mchere. Wanyambita madzi ake okha.

Masana mvula yoyamba yagwa. Denga ladontha malo asanu ndi awiri. Ndasuntha Alekeni kanayi kufuna pouma. Buluno wadziguguza, wakagona pambali pake, akumufunditsa ndi thupi lake lalikululo. Galu ali ndi nzeru kuposa woimba belu.

Madzulo galimoto ya Bambo mfumu yamveka. Ndapereka Buluno, wonenepa, wowala. Akondwa. Akuti malata ndikatenge mawa ikatha Misa. Ndafuna kunena za Alekeni, koma akatekisiti aima pomwepo, ndipo akatekisiti ndi mlamu wa a tcheyamani. Ndangoti zikomo Bambo.

Lamulungu

Belu ndaimba pa nthawi yake. Ndicho chokha chayenda bwino.

Itatha Misa, Bambo mfumu aima pakhonde ndi Buluno. Ine ndakonzeka, chingwe chomangira malata chili m'thumba. Ndiye anthu ayamba kufola kuti awathokoze.

Apongozi: "Nkhuku zitatu ndi tambala, Bambo, za anyezi wambiri. Amasiya mbale ili mbee, ndi mafupa omwe."

Mayi Nasiketi: "Masese anga anamaliza chipanda."

A Gwaza: "Chokoleti chathunthu, sindinalipiritse."

Nkhope ya Bambo mfumu yafiira, kenako yayera. Pomaliza a tcheyamani, amene sapemphera nafe koma lero abwera. Asisita Buluno weniweniyo pamsana: "Taonani mmene wanenepera ndi anyezi athu! Lachisanu anali kagalu kochepa chonchi."

Bambo mfumu anditembenukira. "Ndi zoona zimenezi?"

Ndikati ayi, ndanamiza chipani pamaso pa mudzi, ndanamizanso apongozi. Ndayang'ana pansi. Ndati ndi zoona, Bambo.

Pomwepo a tcheyamani akumbukira kuti chisakasa cha misonkhano chilibe denga. Bambo mfumu sanandiyang'anenso. Akuti tengani. Anyamata a malaya ofiira asenza malata anga awiriawiri, chingwe abwereka changa.

Bambo mfumu akuthamangira ku galimoto, akuti apite ndi Buluno kwa a vetenale ku boma. Galu wabwinobwino! Ndawathamangira, ndawagwira mkanjo, ndati Bambo, ndikufuna kulapa. Akuti Loweruka. Ndati ayi, pompano, pali wina akufa.

Za m'kulapa sizituluka, ngakhale a tcheyamani sangazifunse. Tabwerera m'tchalitchi, ndagwada, ndanena zonse, kuyambira nkhuku yoyamba. Kuseri kwa kansalu ndamva ngati akutsokomola, kaya akuseka kaya akulira.

"Malata ndapereka kale pamaso pa anthu, sindingathe kuwalanda. Mukudziwa?"

Ndati ndikudziwa, Bambo. Sindikupempha malata. Ndikupempha malo m'galimoto.

Malipiro a machimo anga: Tikuoneni Maria khumi, ndi kulembanso pepala lija ndi dzanja langa, kulisunga m'thumba osati pachitseko.

Alekeni wapita ku boma pampando wakutsogolo, atafunda bulangeti. Buluno kumbuyo. Anthu akuti ansembe agula galu wachiwiri. Podutsa pabwalo Alekeni wadzutsa mutu pang'ono. Bambo mfumu akuti salonjeza kanthu.

Mvula yayambanso. Mbale za mphatso zimene eni ake sanadzatenge ndatchera madontho, zakwana ndendende zisanu ndi ziwiri. Kutsidya ndikumva akukhoma malata. Apongozi atumiza mawu ofunsa ngati a Buluno adzabwerenso, nkhuku zatsala ziwiri.

A Nangozo aphika mpunga wotsala, popanda anyezi. Theka la mbale yanga ndavundikira, ndaika paphulusa pamene Alekeni amagona. Mwina abwera ndi njala.